Makina Omvera Ming'alu M'kati mwa Chitsulo

Mayi wanzeru sagula mphika pamsika asanaugogode. Amaunyamula ndi dzanja limodzi, naugogoda ndi chala, khutu lili tcheru. Ukalira bwino ngati belu apereka ndalama. Ukalira ngati ng'oma ya chikopa chonyowa ausiya pomwepo, ngakhale woumbayo alumbire chotani. Mayiyo sanauone mng'alu ndi maso ake, koma waumva. Kale pa masiteshoni akulu a njanji panali anthu olembedwa ntchito yonga yomweyi. Sitima ikaima, munthu ankayenda m'mbali mwake ndi nyundo ya mpini wautali, namenya gudumu lililonse ndi kumvera kulira kwake.

Koma khutu lili ndi malire ake. Limamva mng'alu umene wakula kale, ndipo silingathe kunena kuti uli pati, wazama bwanji, kapena ngwautali bwanji. Mwezi uno tifuna kukufotokozerani za makina amene analowa m'malo mwa nyundo ija. Azungu amawatcha ultrasonic flaw detector, ndiko kunena kuti chida chofufuzira zilema za m'kati mwa chitsulo ndi mawu osamveka m'khutu. Ambiri akawaona amayesa kuti ali ndi diso lopenya m'kati monga X-ray ya kuchipatala. Iai ndithu, alibe diso. Ntchito yawo ndi imodzi yokha, ndiyo kuwerenga nthawi. Zotsalazo amachita ndi munthu wowagwirayo.

Chitsulo chimatopa

Tengani waya wa mpanda, mumupinde, mumuwongole, mumupindenso. Posachedwa adzathyoka, chonsecho pomukoka ndi manja simukanatha kumudula. Njanji nayo imapindika pang'ono gudumu lililonse likamapita pamwamba pake, ndipo imawongokanso likapita. Zikachitika kamiliyoni-miliyoni, pena pake pamabadwa kamng'alu konga tsitsi, kamene kamakula pang'ono-pang'ono m'kati, kunja kuli gwa. Amisiri amati chitsulocho chatopa.

Madzulo a Lamulungu, pa 5 Novembala 1967, sitima ya anthu yochokera ku Hastings kupita ku London inagwa pa malo otchedwa Hither Green, ndipo anthu 49 anafa. Ofufuza anapeza kuti tsokalo linayambira polumikizira njanji. Pamene njanji ziwiri zakumana amazimanga ndi zitsulo ziwiri, china mbali iyi china mbali inayo, nazimanga ndi mabawuti. Mng'alu unayambira pa bowo la bawuti, unakula, kufikira kachidutswa ka njanji ka ngodya zitatu kanathyoka. Mng'alu wotere umabisala kuseri kwa zitsulo zomangirazo, kotero kuti woyendera njanji angapite pomwepo m'mawa uliwonse osaona kanthu. Ming'alu yotereyi ndiyo imene makina athu amafunafuna, si m'njanji mokha, komanso m'maekiselo a sitima, m'mapaipi akulu a madzi, m'mathanki a mafuta ndi a nthunzi, ndiponso paliponse pamene zitsulo ziwiri zawotchereredwa.

Phiri likayankha

Mwana aliyense woweta mbuzi adziwa kuti ukafuula moyang'ana thanthwe, thanthwelo limakubwezera mawu ako. Mawu amayenda mumpweya mamita pafupifupi 340 pa sekondi imodzi. Tsono mukafuula, mawuwo nabwera patapita sekondi imodzi, ndiye kuti ayenda mamita 340. Koma ulendowo ngwopita ndi kubwera, motero thanthwe lili pa mamita 170. Musaiwale kugawa pawiri kumeneku. Munthu wodziwa liwiro la mawu, ali ndi wotchi yabwino m'manja, angathe kuyesa mtunda wopita kuphiri osaponda phazi ngakhale limodzi. Mleme nawo umatero usiku: umalira, numvera mawu ake akubwerera kuchokera ku mitengo ndi ku tizilombo timene ufuna kudya.

Mawu samayenda mumpweya mokha. M'madzi amayenda mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi, ndipo m'chitsulo cha njanji mamita pafupifupi 5,900, ndiko kunena kuti kuposa ka 17 liwiro lawo la mumpweya. Aphunzitsi angathe kuonetsa ana zimenezi ngati pafupi ndi sukulu pali paipi yachitsulo yaitali ndithu yoyenda pamtunda. Mwana mmodzi aike khutu pa paipiyo, wina aimenye ndi mwala patali mamita 100. Woika khutuyo adzamva kawiri, poyamba m'chitsulo, kenaka mumpweya. Koma chonde, asakayesere pa njanji ya sitima.

Mawu ndiwo kunjenjemera, monga mumaonera pa chikopa cha ng'oma. Khutu la mwana limamva kunjenjemera kofika 20,000 pa sekondi imodzi, ndipo la nkhalamba silifikako. Makina oyesera chitsulo amatumiza kunjenjemera kwa mamiliyoni 2 kufikira mamiliyoni 5 pa sekondi, nchifukwa chake ngakhale muyandikize khutu simungamve kanthu. Wina angafunse kuti kufulumira konseku nkwa chiyani? Funsani asodzi: ukonde wa maso aakulu sugwira usipa. Mawu aakulu a nyundo amalambalala kamng'alu kakang'ono monga funde lilambalala bango. Koma kunjenjemera kwa mamiliyoni 4 pa sekondi kumapanga timafunde ta milimita imodzi ndi theka m'chitsulo, ndipo timafunde totere tikagunda kamng'alu timabwerera.

Nzeru imeneyi inadza pang'ono-pang'ono. M'chaka cha 1880 abale awiri a ku France, Pierre ndi Jacques Curie, anapeza kuti mwala wa mtundu wa nsangalabwi, umene Azungu amautcha quartz, ukaufinya umatulutsa magetsi; pambuyo pake kunadziwikanso kuti ukaupatsa magetsi umanjenjemera. Chaka cha 1930 chisanafike, Sergei Sokolov wa ku Leningrad anali atanena kale kuti mawu otere angafufuze zilema m'chitsulo. Koma makina otumiza kaliwu kakafupi ndi kudikira kuti kabwerere anawapanga Floyd Firestone wa pa University of Michigan ku America, amene anapempha chikalata cha umwini m'chaka cha 1940 nachilandira m'chaka cha 1942. Pa zaka za nkhondo zomwezo Donald Sproule anapanga ena ake ku Britain.

Kayesedwe kake

Makinawo ali ngati wailesi yaing'ono ya mabatire, ndipo kutsogolo kwake kuli galasi. Kuchokera ku bokosilo kumapita chingwe, ndipo kunsonga kwa chingwe kuli kamutu kochepera bokosi la machesi, kamene amisiri amakatcha probe. M'kamutumo muli kachidutswa kopyapyala ka mwala uja, kapena ka dothi lina lowotcha logwira ntchito yomweyo. Magetsi akakamenya kamatumiza kaliwu m'chitsulo, kenaka kamakhala chete kudikira; kaliwuko kakabwera, kamutu kamasandutsa kunjenjemerako kukhala magetsi. Kamutu komweko ndiko pakamwa, ndikonso khutu, ndipo kamachita zimenezi kamazana-mazana pa sekondi imodzi.

Pa galasi pali mzere wogona. Kaliwu kakabwera, mzerewo umatumphuka nuima ngati munga. Malo a mungawo, kuchokera kumanzere kupita kumanja, amanena nthawi imene kaliwu katha paulendo; kutalika kwa mungawo kumanena mphamvu imene kabwera nayo. Mukaika kamutu pa chitsulo chabwino mudzaona minga iwiri: wina kumanzere, wosonyeza kunyamuka, wina kumanja, wosonyeza kuti kaliwu kagunda pansi pa chitsulocho nkubwerera. Munga wachitatu ukamera pakati pa iwiriyo, m'katimo muli kanthu.

Woyesa amayamba ndi kupala dzimbiri ndi dothi pa chitsulo. Kenaka amapaka girizi, oyilo, madzi, kapena phala lopangira ntchitoyi. Popanda kupaka sangaone kanthu, chifukwa kaliwu kotere kakachoka m'chinthu cholimba nkukumana ndi mpweya sikawoloka, pafupifupi konse kamabwerera. Ngakhale kampweya kopyapyala koposa pepala kotsalira pansi pa kamutu nkokwanira kutsekereza njira. Koma taonani, mdani yemweyu ndiye bwenzi. Mng'alu nchiyani, koma kampata ka mpweya m'kati mwa chitsulo? Chimene chimaletsa kaliwu kulowa popanda girizi ndichomwenso chimakabweza kakafika pa mng'alu.

Tsopano tifike pa chinthu chimene ife tiona kuti ndicho chachikulu koposa zonse. Tanena kuti makina amawerenga nthawi yokha. Chitsulo chochindikala mamilimita 25, ndiyo pafupifupi inchi imodzi, kaliwu kamapita pansi pake ndi kubwera, ulendo wa mamilimita 50, pa magawo 8 ndi pang'ono a magawo miliyoni a sekondi imodzi. Kuti nthawi imeneyi isanduke mamilimita, makina ayenera kuuzidwa liwiro la mawu m'chinthu chimene chili kuyesedwacho, ndiponso pamene ayambire kuwerenga. Nchifukwa chake woyesa aliyense amayenda ndi chitsulo cha muyeso, chosulidwa mosamala, chimene kuchindikala kwake kudziwika kale. Chodziwika kwambiri m'maiko ambiri nchochindikala mamilimita 25, ndipo mbali ina nchozungulira ngati chidutswa cha gudumu, mamilimita 100 kuchokera pakati. Woyesa amaika kamutu pa chitsulochi. Kaliwu kamagunda pansi, kabwera, kagunda pamwamba, kapitanso, motero minga imaima pamzere motsatana, uliwonse wofupikirapo kuposa unzake. Iye amakonza makinawo kufikira minga ija itaima pa 25, pa 50, pa 75 ndi pa 100. Pamenepo mpamene galasi lasanduka rula. Ndi monga mmene amayesera sikelo ya pamsika ndi miyala yodziwika kulemera kwake asanayambe kugula fodya kapena mtedza. Woyesa wosamala amabwereza muyesowu akasintha kamutu kapena chingwe, ndiponso pomaliza ntchito, kuti adziwe ngati makina sanasokonekere pakati pa tsiku.

Tiyerekeze kuti wayesa chitsulo cha mamilimita 40. Munga wa pansi waima pa 40, zonse zili bwino. Asuntha kamutu pang'ono, munga wina wamera pa 18, ndipo wa pa 40 uja wafupika. Ndiye kuti pa mamilimita 18 kuchokera pamwamba pali chilema, ndipo chatchinga gawo la kaliwu kuti lisafike pansi. Poyesa thanki kapena paipi imene dzimbiri lili kuidya m'kati, amayang'ana munga wa pansi wokhawo. Ngati khoma la paipi linali la mamilimita 12 pogula, lero munga waima pa 7, ndiye kuti mamilimita 5 apita, ndipo wadziwa zimenezi osaboola paipi, madzi ali kuyenda m'katimo.

Nanga akaiwala kukonza makina? Mu aluminiyamu, chitsulo chopepuka chija cha mapoto, mawu amayenda mamita pafupifupi 6,300 pa sekondi. Makina okonzedwera chitsulo cha njanji akaikidwa pa aluminiyamu wa mamilimita 25 adzanena pafupifupi 23 ndi theka, ndipo adzanena mosakayika konse. Penti nayenso amanamiza. Mawu amayenda pang'ono-pang'ono mu penti, kotero kuti milimita imodzi ya penti imaoneka pa galasi ngati mamilimita awiri a chitsulo kapena kuposa. Bodza lotere nloopsa, pakuti limanena kuti khoma nlochindikala pamene latha.

Mng'alu woimirira

Kalilole amakubwezerani kuwala kwa dzuwa pokhapokha mwamulunjika bwino. Lezala mukaliyang'ana chafulati mumaliona lonse, koma mukaliyang'ana kukamwa kwake likhala ngati kamzere chabe. Mng'alu nawo uli chomwecho. Wogona umabweza kaliwu kochokera pamwamba. Woimirira, kaliwu kamangoupitirira m'mbali, ndipo galasi silisonyeza kanthu. Tsoka lake nlakuti ming'alu yoimirira ndiyo imene imadula njanji pakati.

Chifukwa cha ichi pali timitu tina totumiza kaliwu mopendekeka. Todziwika kwambiri ndi ta madigiri 45, 60 ndi 70, kuwerengera kuchokera pa mzere woimirira. Pa njanji, kamutu ka madigiri 70 kamafufuza ming'alu yoimirira m'mutu wa njanji, mmene mumaponda magudumu. Ka madigiri pafupifupi 40 kamafufuza ming'alu ya pa mabowo a mabawuti, yonga uja wa ku Hither Green. Ndipo kolunjika pansi kamayang'anira ming'alu yogona. Powotcherera napo amagwiritsa timitu topendekeka, popeza pamwamba pa chowotcherera mpokakala, ndipo kamutu kayenera kuima pambali ndi kulasa chammbali. Kaliwu kopendekeka nka mtundu wina, koyenda mamita pafupifupi 3,250 okha pa sekondi, motero makina ayenera kukonzedwanso, ndipo apa mpamene imagwira ntchito mbali yozungulira ija ya chitsulo cha muyeso.

Ndi kamutu kopendekeka, nambala ya pa galasi siinena kuzama kwa chilema, koma kutalika kwa njira yopendekekayo, monga kutalika kwa nsungwi yoyedzamira khoma sikuli msinkhu wa khomalo. Kamutu ka madigiri 60 nkosavuta: kuzama ndi theka la njira. Munga ukaima pa 40, chilema chazama mamilimita 20, ndipo chili kutsogolo kwa kamutu mamilimita pafupifupi 35. Woyesa amatenga rula, nayesa 35 kuchokera pa kamutu, nalemba ndi choko. Makina a masiku ano amawerengera okha masamu amenewa, koma amawerengera pa ngodya imene munthu wawauza, ndipo kamutu kakaperepeseka pansi chifukwa cha kukhula, ngodya yake imasintha. Ena a ife tili kusukulu tinkadandaula kuti masamu a ngodya adzatithandiza chiyani. Aphunzitsi a makalasi apamwamba, nachi chitsanzo chowapatsa ana odandaula motero.

Kudziwa kutalika kwa mng'alu nkovutirapo. Munga wautali sutanthauza mng'alu waukulu nthawi zonse, pakuti kachilema kakang'ono kolunjika bwino kangabweze kaliwu kamphamvu kuposa mng'alu waukulu wopendekeka. Njira imodzi ndi iyi: woyesa amapeza malo pamene munga watalika koposa, kenaka amasuntha kamutu pang'ono-pang'ono kufikira munga utatsika kufika theka. Pamenepo theka la kaliwu lili kugunda chilema, theka lili kupitirira, ndiye kuti pakati pa kamutu pali pamwamba pa mathero a chilemacho. Alemba ndi choko, nachita chimodzimodzi mbali inayo, nayesa pakati pa zizindikiro ziwirizo. Njirayi imagwira bwino pa chilema chachikulu koposa kufalikira kwa kaliwu. Pa tizilema tating'ono amafanizira munga wake ndi munga wochokera ku tibowo toboola dala pa chitsulo cha muyeso.

Galasi likakhala chete

Pali malo amene makina samva bwino. Mamilimita oyamba pansi penipeni pa kamutu amabisika m'munga wonyamukira uja, monga munthu amene ali kufuula samva womuyankha ali pafupi. Pa malo otere pamafunika kamutu ka mbali ziwiri, ina yotumiza ina yomvera. Chitsulo china chothira m'chikombole chili ndi njere zazikulu m'kati zimene zimamwaza kaliwu, ndipo galasi limadzala timinga tating'ono-ting'ono ngati udzu. Ndiponso mng'alu ungabise mng'alu unzake. Timing'alu tosazama ta pamwamba pa njanji timabweza kaliwu kasanalowe, ndipo mng'alu waukulu wa pansi pake sumveka. Pamenepo woyesa saona munga wa chilema, koma akayang'anitsitsa aona kuti munga wa pansi pa njanji nawo wasowa. Wosaphunzira adzati palibe kanthu. Wophunzira adzati kaliwu kanga sikanafike pansi, china chake chakatsekereza, ndipo malo ano sindinawayese.

Ming'alu ya pamwamba yotereyi ndiyo inagwetsa sitima ina ku England pa 17 Okutobala 2000. Sitimayo inali kuchokera ku London kupita ku Leeds, ili kuthamanga makilomita pafupifupi 185 pa ola, ndipo pa malo okhota pafupi ndi Hatfield njanji inanyenyeka pansi pake zidutswa pafupifupi 300. Anthu 4 anafa. Chomvetsa chisoni nchakuti kutha kwa njanjiyo kunali kodziwika kale, ndipo njanji yatsopano yoika m'malo mwake inali itabwera, koma inali isanaikidwe. Pambuyo pake sitima za m'dziko lonselo zinayenda pang'ono-pang'ono kwa miyezi pa malo ambiri-mbiri, amisiri ali kuyesanso njanji. Nchifukwa cha zinthu zotere kuti ntchito yoyesayi sapatsa munthu wamba. Pali mayeso a magawo atatu ovomerezeka m'maiko ambiri, woyesa amapimidwa maso kawiri-kawiri, ndipo chikalata chake chimatha mphamvu pakapita zaka ngati sachikonzanso.

Amayi ambiri owerenga tsamba lino anakumana nawo kale makinawa osadziwa. Pa 21 Julayi 1955, Ian Donald, dokotala wa amayi wophunzitsa pa University of Glasgow ku Scotland, ananyamula m'galimoto zotupa zimene anachotsa m'mimba mwa odwala, napita nazo ku fakitale ya Babcock & Wilcox ku Renfrew, kumene ankapanga mathanki a nthunzi. Kumeneko anabwereka makina oyesera zowotcherera, naika kamutu pa zotupazo, napeza kuti chotupa chodzala madzi ndi chotupa cholimba zimaimika minga yosiyana pa galasi. Pambuyo pake anagwirizana ndi Tom Brown, mmisiri wachinyamata wa kampani ya Kelvin Hughes yopanga makina oyesera chitsulo, ndipo m'chaka cha 1958 anasindikiza zimene anapeza m'magazini ya madokotala yotchedwa The Lancet. Sikani ya amayi apakati inachokera pamenepo. Makina a kuchipatala amauzidwa kuti mawu amayenda m'mnofu mamita 1,540 pa sekondi, nawerenga nthawi, nagawa pawiri, ndipo potero amayesa kukula kwa mutu wa mwana ndi kunena masabata a mimbayo. Mafuta ozizira aja amene anamwino amapaka pamimba asanayambe si mankhwala ayi. Ndi girizi yemwe uja wa pa njanji, wochotsa mpweya pansi pa kamutu.